Masamba Panjanji

Ndikakumbukira agogo aNankhoma, mphuno zanga zimadzaza fungo la dizilo losakanikirana ndi utsi wa chimanga chootcha. Mudzi wathu, chakufupi ndi Namitete, unabadwa ndi njanji. Kale panali thengo lokhalokha, koma sitima itayamba kuima pakasiteshoni kathu anthu anabwera kudzamanga, wina kagolosale, wina chigayo, ndipo agogo anaika mbaula yawo pansi pa mtengo wa mango. Sitima ikalira chapatali ankakupiza makala ndi chivundikiro cha poto, kenako n'kuthamanga m'mbali mwa mabogi, lichero pamutu, akukuwa kuti, "Chamoto! Chamoto!"

Amuna awo, agogo a Gidioni, ndiwo ankayendera njanji. M'mamawa ankanyamula chisipanala paphewa, n'kumamenya zitsulo kuti ngwe! ngwe! kumvetsera ngati pena pamasuka, ndipo ntchito imeneyi inawapinda msana. Oyendetsa sitima onse ankawadziwa. M'mudzi mukagwa maliro, anthu ankayala masamba aawisi panjanji monga timachitira pamsewu, popeza manda athu ali kutsidya kwake. Woyendetsa akawaona ankalowa pang'onopang'ono, osaliza hutala, ena mpaka kuvula chipewa.

Matipate atabwera tinamva kuti njanji yagulitsidwa. Kugulitsa njanji ngati mbuzi! Sitima ya anthu inasiya kubwera, kunatsala ya katundu yongodutsa osaima. A Gidioni anauzidwa kuti azikapuma. Wachigayo anasamukira kumsewu wa tala, wagolosale naye ulendo, mbaula ya agogo n'kuchita dzimbiri. Komabe agogo sankalola munthu kunyoza njanji pamaso pawo. "Yandilerera ana imeneyo," ankatero. "Ndi mbale wathu."

A Gidioni anamwalira ine ndili kupulaimale. Tsiku loika maliro, agogo anaitanitsa mwana wawo woyamba, amalume a Yohane, m'nyumba ya siwa.

"Kodi masamba mwayala?"

"Tayala pamsewu, mayi. Kunjanji n'kungovutika chabe, oyendetsa a masiku ano satidziwa."

"Iwe! Bambo ako akalambira panjanjipo, lero awoloke ngati galu? Kayale."

Amalume anathyola nthambi za mango uja, nakayala.

Tinanyamuka masana dzuwa likuswa mtengo, amayi a mumpingo atavala zoyera akuimba. Onyamula bokosi atangowoloka njanji, nthaka inayamba kunjenjemera. Sitima! Agogo, amene anali atagwiriziridwa ndi amayi awiri, anadzutsa mutu. "Mwaona?" anatero. "Abwera kudzaperekeza mnzawo." Nkhope yawo inawala pakati pa misozi, ndipo kuwala kumeneko ndi kumene kumandipweteka mpaka lero.

Sinachepetse liwiro n'komwe. Inaliza hutala ngati ikuthamangitsa ng'ombe, azibambo n'kukokera ana m'mbuyo, nyimbo n'kudukira pakamwa. Bokosi linatsala kutsidya, wamasiye kuno, pakati pawo mabogi a feteleza osatha, fumbi likutithira m'maso. Mwano wanji umenewu! Ngakhale chidakwa cha panjinga chimatsika chikaona masamba. Ena amandiuza kuti sitima yolemera siima ngati njinga. Ndikudziwa zimenezo, sindine mwana. Nanga hutalayo inali ya chiyani? Nanga chipewa chimalemera bwanji?

Sitima ija inapitirira ulendo wake. Agogo anayenda mpaka panjanji, nawerama, n'kukhudza chitsulo pamene masamba anaphwanyikira. Zala zawo zinabiriwira. Anaziyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwa amalume.

"Yohane, ine ndikadzafa usadzayale kanthu pano. Sindifuna kukanidwa kawiri."

Kuyambira tsikulo sindinawamvenso akutchula njanji kuti mbale. Sitima ikalira ankangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Iwonso atatisiya, tinamvera mawu awo, sitinathyole ngakhale tsamba limodzi. Koma pofika nthawiyo ngakhale sitima ya katundu inali itasowa kalekale, njanji itamera udzu ndi zitsamba, moti anyamata anachita kulambula ndi zikwanje kuti bokosi lidutse. Masamba anali atadziyala okha kuchokera kusiteshoni mpaka kumene maso amalekeza, popanda woti n'kuwalemekeza kapena kuwaponda.

Lero ndikakwera minibasi yopita kumudzi, dalaivala n'kuponda masamba a maliro osachepetsa liwiro, ndimamukalipira mpaka anthu kundicheukira ngati ndapenga. Andicheukire. Iwo amaona zinyalala pamsewu, ine ndimaona zala zobiriwira zija.