Kaseti ya a Nambewe

Dziko la Britain likadzayamba kulemba mayina a anthu amene anakweza maphunziro ake, langa lidzakhalapo. Lidzakhala m'munsi kwenikweni, lolembedwa ndi pensulo, chifukwa ntchitoyo ndinaigwira masabata asanu ndi awiri basi.

Nthawi imeneyo ndinali nditangosiya koleji ku Lewisham. Ndikuti kusiya chifukwa wolemba ndine. Akoleji ali ndi mawu awo. Azakhali anga, omwe anali anesi, anathothola kapepala pa bolodi la kutchalitchi n'kudzandiponyera pamimba ndili chigonere pa sofa. Pankafunika munthu wodziwa Chichewa woti athandize pa kafukufuku. "Chichewa chokha ndiye sunalephere," anatero.

Bwana wanga anali mayi wa ku yunivesite, tizingoti a Dokotala. Kale anachitapo kafukufuku ku America, m'dera la Achikano, anthu amene makolo awo anachokera ku Mexico. Kumeneko sukulu inkati makolo alibe chidwi ndi ana awo, makolo nawo ankati sukuluyo siwafuna. A Dokotala ankafuna kuona ngati zili chomwecho pa pulayimale ina ku Thamesmead, komwe kunali mabanja a ku Malawi ndi ku Zambia. Mafunso anali omwe aja a ku America, anangosintha dzina la dera.

Anandipatsa chikwama, rekoda, mabatire, makaseti a mphindi 90 olembedwa manambala, fomu ya chilolezo ndi fomu ya mafunso. Ukafika pakhomo umawerenga kaye fomu ya chilolezo mokweza, munthu n'kusayina. Ukatero umatchula nambala ya kaseti, osatchula dzina. Pambuyo pake umalemba zonse m'Chingerezi, Lachisanu n'kukapereka makaseti ku ofesi. Pa fomu ya chilolezo panali mzere umene ndinaumasulira ndekha, ndipo ndinkaunyadira: palibe munthu wa kusukulu amene adzamve mawu anu.

Kaseti nambala 14 inali ya a Nambewe, mayi wosamalira okalamba. Ndinawapeza masana atangodzuka, akusita yunifomu. Tinayenda bwino mpaka pa funso lakuti, kodi teremu yathayi munapita kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi? Eya kapena ayi.

"Ndinapita kanayi," anatero.

"Ana muli nawo angati, amayi?"

"Mmodzi."

Ndinayang'ana fomu. Bokosi la kanayi panalibe.

Anazimitsa ayironi n'kundifotokozera. Pa buloko la nyumba lomwe ankakhala panali azimayi asanu, onse a mashifiti. Sukulu inkafuna kholo lenileni, osati mnzake, ndipo wojomba ankalandira kalata yoopseza kuti nkhani ipita kwa a zosamalira ana. Ndiye amene ali pa ofu tsiku la msonkhano ankapitira onse. Ankalowa kalasi iyi, kumva za mwana, kulemba m'kabuku, kusayina dzina la mnzake, n'kupita kalasi inayo.

"Aphunzitsi osakuzindikirani?"

"Iwe, amenewo amatisiyanitsa? Kwa Year Two ndimalowa ndi wigi, ndine Mrs Tembo. Ndikavala duku ndine mayi ake a Chikondi. Mpaka wina anandiuza kuti ndanenepa." Anaseka, kenako kuseka kunatha, maso ali pa rekoda. "Kanthu kakoka kamva zonsezi?"

"Kamva. Koma a kusukulu sadzamva. Ndakuwerengerani muja."

"Wandiwerengera ndiwe, eti? Azakhali ako ndimakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi."

Ndinalemba zonse monga mwa lamulo, n'kutumiza. Lachisanu nditafika ku ofesi ndinapeza a Dokotala akusangalala ngati awina mpikisano. Anati chinthu chotere anachisaka ku America zaka ziwiri osachipeza. Lolemba anali ndi msonkhano ndi ahedi a sukulu ija, ndipo ankafuna kukawayatsira mphindi zitatu zokha za kasetiyo.

"Dzina sititchula," anatero. "Akamva mmene azimayiwa akuvutikira, lamulo alisintha."

Ndinawauza kuti mawu a a Nambewe ku ofesi ya sukulu amawadziwa ngati belu, poti sabata iliyonse amakakanganako za majuzi otayika. Ndinafunsanso kuti, nanga ahedi akamva n'kusasintha? Munthu wasayina mayina a anzake anayi. Kalata zibwera zisanu, ndipo ulendo uno sizikhala zoopseza chabe.

"Ahediwo ndi munthu womvetsa."

"Mwina. Koma fomu sinanene kuti kupatula akakhala womvetsa."

Nkhope yawo inasintha. Anatambasula dzanja. "Kasetiyo ndi katundu wa yunivesite. Ndipatse."

Ndinaitulutsa m'chikwama, n'kutenga pensulo pa tebulo lawo, n'kukola riboni ya m'kati mwa kasetiyo. Ndinayamba kukoka.

Apa ndichenjeze aliyense wofuna kuchita zaukatswiri ngati zimenezi: riboni ya mphindi 90 ndi yaitali. Ukali unandithera ndisanafike n'pakati pomwe. Koma munthu sungasiyire panjira n'kunena kuti pepani, ndiye ndinapitiriza, dzanja ili, dzanja ilo, riboni ikuunjikana pa nsapato zanga. Mlembi wa chipinda chinacho anasuzumira, n'kubwerera. Nditamaliza ndinapempha sizasi. Chodabwitsa n'chakuti a Dokotala anandipatsa.

Anandiuza kuti ndisiye rekoda ndi chikwama pa tebulo. Mabatire ndinasiyanso, ngakhale awiri anali anga.

Kunena chilungamo, a Dokotala sanali munthu woipa. Zolemba zija anali nazo, koma Lolembalo sanazitchule. Kaya anaganiza bwino, kaya anaona kuti popanda mawu ahedi azitenga ngati nthano, sindikudziwa. Azimayi aja anapitiriza kusinthana mpaka ana awo anapita ku sekondale. A Nambewe sindinawauze chilichonse. Anamva kwa azakhali, omwe anaifotokoza ngati nkhani ya mwana amene wachotsedwanso kwina.

Pano ndimamasulira m'zipatala ndi m'maofesi a khonsolo, ndipo mafomu olonjeza chinsinsi ndimawerengera anthu pafupifupi tsiku lililonse. Chimene ndinatola ku Thamesmead n'chakuti munthu sakhulupirira pepala limene sanalembe, amakhulupirira pakamwa pamene pamuwerengera m'chinenero chake. Ndiye ndisanawerenge mzere uliwonse ndimafunsa kaye mwini fomu ngati akutanthauzadi zimenezo. Ena amakwiya. Akwiye.

Patapita masabata atatu kunabwera envelopu ya ku yunivesite. Azakhali anaimirira pambali panga, poganiza kuti mwina andiitananso. Inali kalata yaulemu kwambiri yonena za katundu wowonongeka, kaseti imodzi. Ndinakwera basi n'kukalipira ndekha pa windo, ndipo ndinadikira lisiti: paundi imodzi ndi mapeni makumi anayi.