Anzanga Atawoloka Msewu wa ku Liwonde

Ine ndi anzanga ena, mayi wachisilamu, tinkagulitsa moyandikana mumsika wa Balaka, ine tomato, iwo makaka ochokera kwawo ku Chikweo. Amuna awo ankapalasa kabaza. Tsiku lina atawakweza anzangawo kumbuyo, lole inawagunda pamsewu wa ku Liwonde. Abambowo anafera pomwepo. Anzangawo anatuluka m'chipatala akutsimphina, ndipo akangomva kulira kwa galimoto ankakhala pansi, manja kumutu. Poti msika unali tsidya lina la msewuwo, geni anasiya.

Ndinkapita kwawo m'mawa ndisanayale tomato. Sindinkawalalikira ayi. Tinkangokhala limodzi pakhonde. Patapita miyezi tinayamba kumayenda mpaka m'mphepete mwa tala, kuima pang'ono, n'kubwerera.

Achinyamata a kuparishi kwathu atamva nkhaniyi anabwera ndi kamera yobwereka. Ankafuna kupanga filimu ya ubwenzi wathu, atsikana awiri asewere ngati ife. Ine ndinakana, kuopa kutosa chilonda.

"Iyayi, achemwali, asiyeni apange," anatero anzangawo. "Koma mtsikana wosaona mavuto angadziwe bwanji kunjenjemera? Mbali yanga ndisewera ndekha."

Tinajambula zakukhonde, zakumanda, zonse bwinobwino. Kenako inakwana nthawi yowoloka msewu. Mtsogoleri wa gululo anati, "Mayi, musadzivute. Tikujambulani mbali ino, kenako tikujambulaninso pena pake ngati kuti mwafika tsidya ilo. Oonera sadzadziwa."

"Ine ndidzadziwa," anayankha.

Anamanga chitenje mwamphamvu n'kundigwira dzanja. Lole yodzaza thonje inadutsa, mphepo yake n'kutiwomba kumaso. Zikhadabo zawo zinandilowa m'khungu, milomo ikutchula dzina la Mulungu m'Chiyao. Ndinkaganiza kuti akhala pansi. Koma anati, "Tiyeni."

Pakati pa msewu anandisiya dzanja. Anamaliza okha, akutsimphina, mutu uli m'mwamba. Akabaza, anzawo a malemu, analiza mabelu onse pamodzi. Mnyamata amene ankajambula ankalira, n'chifukwa chake pamenepo chithunzi chimagwedezeka.

Filimuyo anaionetsa masana muholo ya parishi, mawindo atatchinga ndi zitenje. Amayi a kumzikiti ndi a kutchalitchi anapanikizana pamabenchi omwewo. Mayi okalamba a anzangawo anachita kubwera kuchokera ku Chikweo. Mwana wawo atafika tsidya lija mufilimumo, gogoyo anaimirira n'kuimba nthungululu, holo yonse n'kulandira. Ine mtima unangoti mbee, ngati ndabereka ndine.

Potuluka, mayi wina wa kwa Kalembo anaima pamaso pa anzangawo. Mwana wake anapita ndi madzi, ndipo chichitikireni anali asanapondenso kumtsinje.

"Munatani kuti mutero?" anafunsa.

Anzangawo anandiyang'ana, kenako anamufunsa mayiyo, "Kwanu ndi pati? Loweruka tibwera awirife, tidzayambire pakhonde."

Ndipo Loweruka tinapitadi.