Ndodo Yovala Chitenje

Ku Chia, mukadutsa amayi ogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu n'kulowera kanjira kopita kudambo, choyamba kukulandirani ndi phokoso la makina a Mayi Sharifa. Ndi makina opondaponda, akale kuposa mwiniwake, ndipo akamalira amamveka ngati akukangana ndi munthu. M'mizinda ina telala amakhala kuseri kwa magalasi, munthu amangoyezedwa n'kumapita. Pakhonde pa Mayi Sharifa munthu amabwera m'mawa ndi buluku lakufa zipi, dzuwa n'kufika pamutu bulukulo asanalitulutse n'komwe m'jumbo. Nkhani zimakhala zitachuluka.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo awo, a Fakiri, amene ankasoka mikanjo ndi zisoti kuboma ku Nkhotakota. Mkuluyo ankadikira mwana wamwamuna woti adzamusiyire makina, koma Mulungu anangomupatsa atsikana okhaokha. Sharifa anayamba ndi kutola tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo. Maso a bambo ake atayamba kufooka, ndiye ankawalowetsera ulusi pasingano. Tsiku lina a Fakiri pochokera kumzikiti anapeza makina akulira mwiniwake kulibe. Sanakalipe. Anayang'ana msoko wa mwanayo, n'kuumasula wonse, n'kumuuza kuti ayambirenso.

Amuna a Mayi Sharifa, a Sadick, anawapeza pamakina pomwepo. Nthawi imeneyo anali mnyamata wa ku Chia wobwera ndi nsomba kuboma, ndipo analowa kudzayezetsa buluku. Atayezedwa analonjeza kuti nsalu abwera nayo sabata yamawa. Sabata yamawayo anabwera chimanjamanja, ati mwina wanenepa, ndi bwino amuyezenso. Zinapitirira choncho mpaka a Fakiri anatopa, n'kumuuza kuti ngati nsalu ikumuvuta abwere ndi amalume ake. Anabweradi nawo. Makina anasamukira ku Chia pamodzi ndi mkwatibwi, ndipo chikwatiranire tepi yoyezera sinawakhudzenso a Sadick. Idi iliyonse amalonjezedwa mkanjo watsopano, Idi iliyonse mikanjo ya eni ake imatha, iwo n'kupita kukaswali ndi wakale womwe uja.

Mwamuna akhoza kubisa chinthu kwa shehe, koma osati kwa mkazi amene amamuikira zigamba. Chaka chimene tikunenachi, Mayi Sharifa anayamba kuona timadontho tofiirira m'kati mwa mabuluku a amuna awo. Anaonanso kuti akuweruka msanga kokavuula miono, ndipo akamachokera kuchimbudzi nkhope imakhala yokwinyika. Sanavutike kudziwa dzina la matendawo. Dyton, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, amaimika njinga yake pakhonde pawo chifukwa ndi pamene pamapezeka anthu, ndipo nkhani ya likodzo anaimva kwa iye kambirimbiri uku akupondaponda makina.

Mmene anaimvera iwo, likodzo ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Munthu wodwala akakodza m'madzi amasiyamo mazira, tizilomboto n'kukakulira mu nkhono zazing'ono za m'mabango ndi m'minda ya mpunga, kenako n'kutuluka kudzalowa pakhungu la aliyense woponda madziwo. Si ufiti, silichokera kwa akazi, ndipo kumwa tiyi wambiri sikutsuka. Chimene chinawakhala pamtima ndi mawu a Dyton akuti likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ngakhalenso impso, mwakachetechete, munthu akuyenda bwinobwino.

Atawafunsa amuna awo, a Sadick anaseka. Anati mnyamata aliyense wa ku Chia anakodzapo zofiira, ndiye chizindikiro choti anakulira m'madzi osati pamsana pa amayi ake. Anati zimabwera zokha, zimapitanso zokha. Za kuchipatala anati akaganiza mpunga ukakololedwa, ndipo Mayi Sharifa ankadziwa kuti mpunga ukakololedwa kudzabwera chinangwa.

Ndiye Dyton atalengeza kuti mankhwala a likodzo akubwera m'mudzi momwemo, aulere, kwa sabata imeneyo yokha, mayiwo anati Alhamdulillah, chipatala chadzibweretsa chokha pakhonde.

Dyton anafika m'mawa atamangirira ndodo yaitali kunjinga, yopakidwa penti ya mitundumitundu kuchokera pansi mpaka pamwamba. Anafotokoza kuti mankhwalawa amaperekedwa molingana ndi thupi la munthu, ndipo popeza sikelo sangayende nayo mudzi ndi mudzi, msinkhu ndi umene umanena: pamene mutu wafika, mtundu wa pamenepo ukuuza mibulu yoti munthuyo amwe. Ana anayezedwa akuseka, ena akunyang'ama kuti aoneke aatali. Amayi anayezedwa. Abambo a kudoko anabwera gulu, koma ataona ndodoyo anaima pansi pa mtengo wa mango, osasunthanso.

Kuno munthu wamoyo sayezedwa ndi mtengo. Pakachitika maliro, wina amadula bango, n'kuliyeza pa thupi la malemu, n'kupita nalo kumanda kuti okumba adziwe kutalika kwa dzenje. Ndipo amene amadula bangolo kumbali ya mzikiti wawo si wina ayi, ndi a Sadick.

Dyton kwawo ndi ku Kanyenda, mwambowu amaudziwa, kungoti ndodo ya penti sanaiganizire motero. Anayesa kunyengerera, mpaka a Raston, mkulu wina wopindika msana, anasendera pafupi. Dyton anawayang'ana, n'kuyang'ana ndodo, n'kuona kuti msanawo uwabera msinkhu. Ndi mtima wabwino ndithu, anawapempha kuti agone pamkeka kuti awayeze bwino.

"Mwana iwe," anatero a Raston, "uyambe waitana adzukulu, kenako ndigone."

Gulu lonse linabwerera kudoko, a Sadick ali patsogolo. Madzulo ake anauza akazi awo kuti iwo adula mabango ambiri m'moyo mwawo, ndipo mwa onse amene anawayeza palibe ndi mmodzi yemwe anadzuka kudzathokoza.

M'mawa mwake Mayi Sharifa anamukokera Dyton pambali. Anamuuza kuti msinkhu wa amuna awo amaudziwa ngati chikhatho chawo, angowapatsa mibuluyo, iwo adziwa mowamwetsera, ngakhale kusinjira m'phala. Dyton anakana mwaulemu. Anati mankhwala si mchere woti n'kungoyerekeza: akachepa tizilombo timatsala, akachuluka amamugwetsa munthu. Komanso munthu ayenera kumwa akudziwa chimene akumwa, atadya kaye, iye akuona. Mayiwo anakwiya pang'ono, n'kukhala pamakina, n'kusoka mpendero wa diresi ya mwini wake mokhota. Sabata inali ikutha.

Akumasula mpendero uja, maso awo anagwera pa nsanamira ya khonde. Pansanamira imeneyo ndi pamene amaimika aliyense wofuna mkanjo kapena diresi yaukwati. Abambo omwewo amene anathawa ndodo anaimapo kangapo konse, chifuwa chili patsogolo, akupempha kuti mkanjo ufike m'mapazi ngati wa shehe. Kuyezedwa ndi telala n'chizindikiro choti munthu ali ndi kumene akupita, ndipo adzabwerako.

Anakhuthula thumba la tizidutswa ta zitenje, n'kusankha mitundu yofanana ndi ya pandodo, n'kulumikiza kansalu kataliko ngati lamba. Dyton atabwera anakayesa pa Nadia, mwana wawo wamkazi wamkulu. Pandodo mutu wa Nadia unkafika pobiriwira, koma pansalu unathera pachikasu, chifukwa chitenje chikakokedwa chimatamuka. Dyton anapukusa mutu. Mayi Sharifa anakumbuka a Fakiri, n'kumasula msoko wonse. Ulendo wachiwiri anasokera zidutswazo pa lamba wolimba wa chikwama chakale, ndipo awiriwo anakhomera lambayo pansanamira ndi timisomali, ndodo ili pambali, mtundu ndi mtundu mpaka zonse zinafanana ndendende.

A Sadick anaona zonsezi ali pampando wawo, akukonza mono. Palibe chimene anawabisira.

"Mayi a Nadia, musandiyese mwana," anatero. "Imeneyo ndi ndodo yomwe ija, mwangoiveka chitenje."

"Ndi yomweyo. Nanga inu munayamba mwaliona bango litavala?"

Mayi Sharifa anatenga tepi n'kuikoleka m'khosi, n'kutulutsa nsalu yoyera imene anaisunga pansi pa sutikesi kuyambira Idi yapita. Amuna awo ataona kuyera kwakeko anadzuka pampando, ati tsopano ndiye zakwana, bango lilipo, sanda yokulungira maliro nayonso yabwera. Nadia anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndi ya mkanjo wanu, bambo a Nadia," anatero mayiwo, osaseka. "Munkabwera kwa bambo anga opanda nsalu, ine n'kumakuyezani. Lero nsalu ndagula ndine. Koma sindisokera munthu amene sindikudziwa ngati adzauvale. Zigamba zanu ndimaika ndine, ndaona."

A Sadick anayang'ana mono wawo kwa kanthawi, kenako anavula chisoti, n'kukaima pansanamira, msana uli chilili. Anangofunsa ngati mkanjowo udzakhale ndi thumba la m'mbali. Akazi awo anayeza mapewa ndi mikono, Dyton n'kusuzumira pamwamba pa mutu, n'kuwerenga mibulu. Anawadyetsa kaye chinangwa chophika ndi tiyi, kenako anameza, nkhope itakwinyika ndi kuwawa kwake.

Dyton anali atachenjeza kuti ena amamva chizungulire kapena kupotokola m'mimba, ndipo zimatha tsiku lomwelo. A Sadick chizungulire chitawagwira anaiwala zonsezo. Anagona pansi pa mango n'kuyamba kugawa chuma: bwato kwa mphwawo, miono kwa a Raston, wailesi kwa Nadia koma asamatsegule nyimbo zachabechabe. Mayi Sharifa ankangovomera uku akudula nsalu. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, malemuwo anadzuka n'kufunsa ngati chinangwa chija chatsalako.

Nkhani inafika kudoko mwiniwake asanafikeko. Tsiku lotsatira abambo anayamba kubwera, mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake: wina batani lathothoka, wina akungodutsa. Onse anathera pansanamira. A Raston anayezedwa ataimirira, anzawo awiri atawawongola msana mokoma, iwo akutukwana. Alipo ena amene sanabwere ndithu, ndipo Mayi Sharifa amawadziwa mayina.

Patapita masabata angapo, a Sadick anabwera kuchokera kuseri kwa nyumba n'kuima pafupi ndi makina ngati munthu wofuna kubwereka kanthu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti zofiira zija zayera ngati madzi a pamjigo. Akazi awo sanaimitse makina, koma phazi linapondaponda mofulumira kuposa masiku onse.

Dyton sanalole kuti chimwemwe chiwaiwalitse. Anawauza kuti mankhwala apha tizilombo timene tinali m'thupi, koma nkhono zikadali m'dambo, ndipo msodzi sangasiye madzi. Choncho chaka chamawa adzamwanso, ndipo chachikulu n'chakuti anthu aleke kukodza m'madzi. A Sadick anati akale ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iwo adekha zaka zonsezi osadziwa kuti nkhonoyo ndiyo ikuwaona. Masiku ano ndi iwo amene amakalipira anzawo kudoko akaona wina watembenukira kumabango, ngati kuti nzeruyo anabadwa nayo.

Mkanjo unatha Idi isanafike, woyamba chikwatiranire, thumba la m'mbali lilipo. Vuto limene latsala ndi la abambo anayezedwa pansanamira aja. Akuti mwambo ndi mwambo, munthu sayezedwa pakhonde pa telala n'kuchoka wopanda chovala, ndiye amabwera kudzafunsa kuti zawo zili pati. Mayi Sharifa amawauza kuti abwere ndi nsalu. A Raston, amene akazi awo anamwalira kalekale, amafika Lachisanu lililonse chimanjamanja, n'kulonjeza kuti nsalu abwera nayo sabata yamawa. A Sadick akangowaona akutulukira pakanjira, amasiya mono n'kusendeza mpando wawo pafupi ndi makina.