Foni ya achikulire

Ofesi yathu inali kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale ina m'tauni ya Zomba, ndipo tinkagwiramo ntchito awiri: ine ndi bambo wina amene aliyense ankangowatchula kuti achikulire. Tinkalembera anthu mafomu a msonkho. Iwo anayamba kale, nthawi ya mapepala a kaboni. Ine ndinabwera ndi kompyuta ndi pakamwa. Ankati ndimayankha munthu asanamalize funso, ndipo sankanama.

Makasitomala athu anali eni zigayo a ku Songani, mavenda a ku Matawale amene geni yawo inali itakula pang'ono, ndi ocheka matabwa a kuphiri. Malisiti ankabwera nawo m'majumbo, ena atanyowa, ena makoswe atalawako. Panalibe tsiku limene ine ndi achikulire sitinakangane pa lamulo. Nkhani ya chakudya cha aganyu yokha tinailimbana zaka.

"Ngati lisiti palibe, musachotsere pa msonkho," ankatero.

"Achikulire, mayi wogulitsa matemba pamsika akapereke lisiti?"

"Lamulo silidya matemba, mayi. Lembani zimene zili papepala."

Ndinkapsa mtima, iwo nkumangoviika chigumu mu tiyi. Kawirikawiri olondola ankakhala iwo, ndipo zimenezo ndiye zinkandipsetsa mtima kwambiri.

Mafomu atayamba kutumizidwa pa kompyuta, kasitomala aliyense anakhala ndi akaunti yake. Kuti ulowemo, pafoni ya mwini wake pankabwera uthenga wa manambala achinsinsi, ndipo ankatha mphamvu pakangopita mphindi zochepa. Apa ndiye tinaona zakuda. Uimbira munthu, foni yazima. Wina yabedwa. Wina ili ndi mwamuna wake ku Liwonde. Tsiku lina lomaliza kutumiza mafomu ndinadikira uthenga umodzi kuyambira m'mawa mpaka magetsi anazima. Ndinamenya tebulo nkunena kuti maakaunti onse tiike nambala imodzi. Ndinasankha ya achikulire, chifukwa iwo anali asanatayepo foni. Ankaimangirira kulamba ndi chingwe cha nsapato.

"Nambala ya munthu ikhale yake," anatero.

Ndinawavutitsa sabata yathunthu. Anavomera chifukwa chotopa nane, ndipo amene anasintha manambalawo, imodzi ndi imodzi, ndinali ine.

Mwa makasitomala athu munali mayi wina wa matabwa, wa m'mudzi wa m'mphepete mwa phiri. Anayamba ndi kusenza nkhuni, kenako anagula sowo, mpaka anafika polemba amuna angapo omuchekera mitengo ya paini. Msonkho wake sunkachedwa. Malisiti ankasunga m'chitini cha mabisiketi, atawamanga ndi labala mwezi ndi mwezi. Tsiku limene ndinkasintha akaunti yake anali atakhala pambali panga.

"Bwanji osasiya yanga yomweyo, achemwali? Foni ndili nayo."

"Kuphiri kwanuko netiweki imachita kubwera ngati mlendo. Zisiyeni kwa ife."

Anapinda chitenje chake bwinobwino. Sanafunsenso.

Zinayenda bwino zaka ziwiri, ndipo ndinkadzitama nazo kwa anzathu ena a ntchito yomweyi. Kenako Lamlungu lina achikulire anagwa potuluka m'tchalitchi. Pofika Lolemba m'mawa anali atatisiya.

Sabata yomweyo ndi imene mayi wa matabwa ankafuna satifiketi yosonyeza kuti alibe mlandu ndi a msonkho. Kunkhalango kunkagulitsidwa chigawo cha mitengo, ndipo wofuna kupikisana nawo ankayenera kupereka mapepala ake pofika Lachisanu masana. Popanda satifiketiyo envelopu sankailandira. Mitengo imene ankacheka inali itatha, ndiye ntchito yake yonse ya chaka chotsatira inali pa chigawo chimenecho. Kwa ife inali ntchito yaing'ono: kulowa mu akaunti, kutumiza fomu ya mwezi wapitawo, kusindikiza pepala. Koma uthenga wolowera unkapita kufoni ya munthu amene anali m'bokosi.

Tinawaika Lachiwiri kumudzi kwawo, kupitirira Songani. Ndinakhala ndi amayi anzanga m'nyumba ya siwa ndipo ndinalira zenizeni, pakuti bambo amene uja anandiphunzitsa zonse zimene ndimadyera lero. Koma pakati pa nyimbo maso anga ankayendayenda m'nyumbamo kufunafuna foni. Mpaka pano ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Lachitatu ndinatenga mayi uja kupita naye ku ofesi ya msonkho. Anatilandira bwino. Anatiuza kuti nambala imasinthidwa, koma pamafunika kalata ndi chitupa, ndipo pamapita masiku akufufuza kuti wosinthayo si wakuba. Sindikanatsutsa, lamulolo ndinkalidziwa ndipo ndi labwino. Ku kampani ya mafoni anati simukhadi ya munthu womwalira imafuna chikalata cha imfa ndi wachibale. Chikalatacho chinali chisanatuluke.

"Ndiye titani, achemwali?" anandifunsa tili panja.

"Mawa ndikatenga foniyo. Inu kakonzeni envelopu."

Lachinayi ndinabwerera kumudzi kuja ndi paketi ya shuga m'manja. Kumeneko katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka tsiku logawa. Zovala, wotchi, magalasi, zonse anali atazitsekera m'sutikesi, ndipo kiyi anali ndi mng'ono wawo wa malemu, amene tsopano anali mwini mbumba. Ndinagwada pakhonde, ndinapepesa, kenako ndinafotokoza. Ndinafotokoza bwino kwambiri, ngati mmene ndimachitira ndi kasitomala wosamva.

"Dzana taika munthu," anatero bamboyo, "lero mwabwerera foni."

"Sindikuitenga, bambo. Ingoyatsidwa, ndione uthenga umodzi basi."

"Muli ndalama zingati mmenemo?"

"Si za ndalama ayi."

"A m'tauni akati si za ndalama, ndiye kuti ndi za ndalama. Mudzabwere tsiku logawa, tidzamve tonse."

Mkazi wa malemu anali atakhala pamphasa pafupi ndi khomo, atafunda nsalu kumutu. Anayankhula osandiyang'ana.

"Alamu, atsegulireni. Abambo ankawatchula kuti mwana wawo amenewa."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a mlamu wawo. Achikulire anali asanandiuzepo zimenezo. Kwa ine ankangoti mayi.

Sutikesi inatsegulidwa anthu anayi akuonerera. Munali jekete yawo ya ku tchalitchi, magalasi, ndi lamba, chingwe cha nsapato chija chikulendewera. Foni munalibe. Anafunsana, anatumizana, mpaka kunabwera mwana wa mlongo wawo, bambo wa ndevu zake, foni ili m'thumba la malaya. Anati anangoibwereka kuti aziimbira abale za mwambo. Ndinaitenga nkuiyang'ana. Nambala imene inalimo inali yake.

"Simukhadi ya amalume anu ili kuti?"

"Imangolira, anthu kufunsa malemu za mafomu. Ine zimandiopsa. Ndinaichotsa nkuiponya pamoto wa pamaliro paja."

Anandilozera phulusa pabwalo, pamene amuna ankaothera. Ndinapitadi pamenepo. Ndinatola kamtengo nkuyamba kufukula, ine ndi sukulu yanga yonseyi, anamfedwa akundiyang'ana. Ndinapeza tizitsekero ta mabotolo ndi msomali.

Lachisanu m'mawa ndinakwera njinga yamoto kupita kuphiri. Ndikanatha kuimba foni, koma nkhani ngati imeneyi sinenedwa pafoni. Kunali chifunga, ndipo podutsa pa damu la Mulunguzi madzi sankaoneka. Mayi wa matabwa uja ndinamupeza pamalo ochekera, atavala diresi yoyendera, envelopu ili m'manja. Amuna omuchekera aja anali atakhala pa mulu wa utuchi, masowo atawasamiza pamtengo.

Ndinanena zonse, osabisa. Ndinkafuna atandikalipira, chifukwa kukangana ndimakutha. Iye anangoyang'ana envelopu ija, nkuiika m'chikwama.

"Achikulire munawaika bwino?" anafunsa.

"Tinawaika bwino."

"Anali munthu wabwino." Kenako anatembenukira kwa amuna aja nkuwauza kuti azipita kwawo.

Mitengo inapita kwa ena. Makasitomala enawo ndinawakonzera maakaunti pang'onopang'ono. Ena analipitsidwa chindapusa chifukwa chochedwa, anandinyoza, ambiri nkubwereranso. Aliyense ndinamubwezera nambala yake. Anzathu a ntchito yomweyi atamva, ena anapukusa mitu, koma awiri anandinong'oneza kuti nawonso amachita chimodzimodzi. Ndinawauza kuti asiye. Sindikudziwa ngati anasiya. Satifiketi ya mayi uja inatuluka patapita masabata awiri, yoyera bwino, yopanda mlandu uliwonse. Ndinaisindikizabe nkuiika m'fayilo. Sanabwere kudzaitenga, ndipo mwezi wotsatira chitini cha mabisiketi sichinabwerenso.

Chaka chatha alendo a mchimwene wanga anafuna kuona phiri, ndipo ndinawaperekeza pa galimoto. Pa kona ina ogulitsa zipatso anatithamangira ndi mbale za masitiroberi ndi magalagadeya. Mmodzi mwa iwo anali mayi wa matabwa uja, ataonda, atavala juzi ya chimuna. Anandizindikira ine ndisanamuzindikire.

"Muli bwanji, achemwali? Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda pang'ono. Nanga masowo aja?"

"Ndinagulitsa."

Ndinagula mbale zonse zitatu zimene anali nazo, osanenerera. Anazikhuthulira m'jumbo mosamala kuti zisaphwanyike. Kenako anapempha bolopeni kwa woyendetsa galimoto, nang'amba kachidutswa ka katoni, nalembapo.

"Mukafuna zina muzingoimba, ndizikusungirani," anatero pondipatsa. "Nambala ndi yomwe ija. Sinasinthepo."