Vanishi wa ku Mchesi pa Boti la a Dokotala

Maganizo ochoka ku Malawi anandibwerera nditagona chagada m'bokosi la maliro. Kunabwera anthu ofuna bokosi la munthu wamtali, ndipo achimwene anga a Dyson, eni shedi yathu ya mabokosi ku Mchesi, anandiuza ndilowemo aone ngati miyendo ikukwana. Ndili momwemo ndinayang'ana malata obowokabowoka a padenga, utuchi ukundigwera m'maso, n'kudzifunsa kuti moyo wanga wonse ndizingoyeserera kufa kwa eni ake? Nditatulukamo ndinapita kukalembetsa m'gulu la mpingo wathu limene linkapita kumsonkhano ku Amereka. Kuimba sindinkakudziwa, koma pamndandanda ndinalembedwa kuti wa besi.

Ndinene kaye mmene tinkagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Thabwa likakhala lofumbwa kapena long'aluka sitinkalitaya. Tinkasakaniza utuchi ndi guluu, kumata pabowopo, kupala ndi sandipepala, kuphimba ndi kapulayiwudi kopyapyala, kenako vanishi katatu mpaka munthu azidziona nkhope. Bokosi limangofunika kulimba kuchokera pashedi kufika kumanda, basi. Ndinaphunzira zimenezi ndisanamere ndevu, ndipo ndinkazitcha luso.

Msonkhano utatha ine sindinabwerere. Ndinayamba ndakhala ku Indianapolis, cha ku Lafayette Road, m'kanyumba kamene tinkapanikizana amuna asanu, aliyense akubisa shuga wake m'sutikesi. Kenako mnzanga wina anandipezera ntchito ku South Bend, kunyumba yosamalira okalamba, yotembenuza ndi kusambitsa azungu amene ana awo ankabwera kudzawaona pa Khirisimasi pokha. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Ndikaimba foni ndi timakhadi tokanda tija, moni unkatha msanga, n'kuyamba za feteleza, za fizi, za denga. Palibe amene anandifunsapo ngati ndadya. Nyengo ya chipale ndinkatha sabata yathunthu osalankhula Chichewa ndi munthu, mpaka ndinayamba kudzilankhulira ndekha m'bafa kuti lilime lisaume.

A Dokotala Kandulu ndinakumana nawo kutchalitchi. Anali dokotala wogonetsa anthu tulo pa opaleshoni, ndipo kunena zoona ngakhale polankhula ntchito yawo inali yomweyo. Kwawo ndi ku Ntcheu, kumapiri kumene madzi akuya kwambiri ndi a m'chitsime, koma anagula boti la matanga. Madokotala anzawo achizungu anali ndi maboti, ndiye iwonso. Analiika padoko la nyanja ya Michigan, ulendo wa ola limodzi kuchokera ku South Bend, ndipo anagula chipewa choyera cha kaputeni asanadziwe n'komwe kumanga mfundo. Ankati apuma ntchito chaka chathunthu, adutse m'ngalande mpaka kunyanja yamchere, akafike kuzilumba zotentha, iwo ndi akazi awo aNambewe.

"Iwe Limbani, akuti ndiwe kalipentala," anatero tsiku lina, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. "Anthu a padoko aja akutchaja ngati ndine boma. Ubwere udzandipolishire m'kati. Ndikufuna anthu akalowa adziwe kuti muno ndi mwa ndani."

Ankanditchula kuti iwe ngakhale tinkangosiyana zaka zochepa. Ine ndinkayankha kuti bwana, mumtima ndikuwaseka.

Botilo linali lakale, litakwezedwa pazitsulo kumtunda, likununkha chinyontho ndi dizilo. Masiku opuma ndinkapita kukagwirako. Ndinakonza timakabati, ndinasintha zitseko, ndinapala thebulo. Anthu a padokopo ankandidabwitsa. Munthu ankatha tsiku lonse akugogoda boti lake ndi kahamala, khutu lili pafupi, ngati sing'anga. Ine ndinkati ndi matenda a anthu okhuta.

Ndiye ndinafika pakhoma la pakati. Mlongoti wa boti umaima chifukwa cha mawaya achitsulo amene amaukoka mbali zonse, ndipo mawaya a m'mbali amamangidwa kuchitsulo chimene chimaboola denga n'kukamangidwa ndi mabawuti kukhoma lathabwa m'kati. Pamene chitsulocho chinaboola denga madzi a mvula ankadontha kwa zaka. Nditakanda utoto, thabwa lozungulira mabawutiwo linali lakuda, lofewa ngati buledi wonyowa. Chala chinkalowa.

Sindinaganize n'komwe. Manja anga anadziwa okha chochita. Utuchi, guluu, sandipepala, kapulayiwudi kokongola kofiirira, vanishi katatu. Pofika madzulo khomalo linkawala kuposa china chilichonse m'botimo. A Dokotala atabwera anaima patsogolo pake n'kukonza chipewa chawo akudziyang'anira momwemo.

"Wawona? Azungu aja amafuna kugwetsa khoma lonseli. Akuba!"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti anthu a padoko anali atawauza kale za khomalo, iwo n'kusankha kalipentala wotchipa amene sangatsutse. Ndinati zawo izo. Munthu wophunzira mpaka kumera dazi, ngati akufuna kupusa, ine ndine ndani?

Lero ndikakhala pakhonde pano ndimayesa kukumbuka ngati chikumbumtima chinandivutapo masabata amenewo. Ayi ndithu. Ndinkagona tulo tabwino. Chimene chinandisokoneza ndi aNambewe.

Iwo anali namwino, mayi wofatsa amene ankabwera padoko Loweruka ndi mpunga ndi nkhuku m'kontena, n'kukhala patali ndi madzi atagwira chikwama pamiyendo. Anali munthu yekhayo ku Amereka konse amene ankanditchula kuti achimwene. Boti litatsitsidwa m'madzi, kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, analowa m'kati kudzayala zofunda. Bedi lawo linali lotsamira khoma lomwe lija. Analisisita ndi chikhato.

"Achimwene, ine madzi ndimawaopa, kusambira sindidziwa. Ndikupita chifukwa bambowa ndikawasiya okha adzafa ndi njala. Koma nditamva kuti mwakonza ndinu, munthu wakwathu, mtima wanga unakhala m'malo. Mzungu angakunamize, koma wakwanu sangakuponye m'madzi."

Kwa nthawi yoyamba ndinaona chinthu chimene mwana aliyense akanachiona: mphepo ikadzakoka matanga mwamphamvu pakati pa nyanja, mabawuti aja adzazuka m'phala langa la utuchi, mlongoti n'kugwa, ndipo pansi pake padzakhala mayi ameneyu. Makasitomala anga onse akale ankalowa m'ntchito yanga atafa kale. Uyu ankalowamo wamoyo.

Ndinawatsatira a Dokotala kugalimoto. "Bwana, khoma lija silili bwino. Ndinangomata pamwamba, m'kati ndi lowola."

Sanandiyang'ane n'komwe. "Ukufuna ndikuwonjezere ndalama eti? Anthu inu ndimakudziwani. Mawa kuli fankishoni, ndainvayita anthu kuchokera ku Indianapolis konse. Tidzadisikasa ndikadzabwerako."

Fankishoniyo inali mapemphero otsanzikana, monga timachitira kwathu munthu akamapita kutali. Kunabwera magalimoto ochokera ku Lawrence ndi ku Speedway, madera a ku Indianapolis komweko, amayi atavala zitenje pamwamba pa majini, abambo atavala masuti padoko ngati akupita kukhoti. Ana awo ankathamanga pamatabwa akukuwa m'Chingerezi. Aliyense ankalowa m'boti, kujambulitsa, kutuluka akuti, "Koma a Dokotala mwatiimirira!" Anthu omwewo m'magalimoto ankanena kuti bamboyu wapenga. Ndinkawadziwa onse, ndipo panalibe mmodzi amene akanatsegula pakamwa. Ifetu munthu wamkulu sitimuuza kuti zipi yatseguka, timangoyang'ana kumbali mwaulemu.

Abusa analowa m'kati ndi akuluakulu kukadalitsa botilo, ena atasuzumira pakhomo. Mwa makoma onse anasankha lowala lija kuti asanjikepo dzanja. Atangoti titseke maso, ine ndinadutsa pakati pawo ndi tchizulo m'manja.

"Pepani abusa, tasunthani pang'ono."

Ndinabaya kamodzi pafupi ndi mabawuti. Tchizulo inalowa mpaka chigwiriro. Nditakanula, kapulayiwudi kanang'ambika ndipo zinyenyeswa zakuda zonyowa zinakhuthukira pabedi la aNambewe. Ndinagwira bawuti imodzi n'kuigwedeza ndi zala ziwiri, ikuvina ngati dzino la nkhalamba.

"Chikomekome cha mkuyu," ndinatero. "Ndinamata ndine. Mukapita nalo chonchi, mlongoti ukugwerani."

A Dokotala anandiloza chala. "Wandiembarasa pamaso pa anthu anga! Tuluka!"

ANambewe anawerama pabedi paja. Anatola zinyenyeswa zija, kuzifinya m'manja mpaka madzi kudontha, kenako anayang'ana amuna awo. "Bambo, inu mumadziwa?" A Dokotala anayamba kufotokoza za mitengo ya anthu a padoko. Mayiwo anapinda zofunda zawo, n'kupita kukakhala m'galimoto.

Ulendo unafera pomwepo. Botilo analikwezanso pazitsulo, ndipo ndinamva kuti patapita chaka analigulitsa motchipa. Koma musaganize kuti wina anandithokoza. Mlandu wanga pakati pa Amalawi a ku Indiana sunali woti ndinamata thabwa lowola, umenewo aliyense anaumvetsa. Mlandu unali woti ndinayalutsa munthu wamkulu pagulu, komanso ndinadula pemphero. Kutchalitchi benchi yanga inayamba kukhala ndi malo ambiri. Mayi wina amene ndinkamunyamulira katundu anandiuza m'maso muli gwa kuti, "Ukanadikira anyamuke kaye, n'kuwaimbira foni bwinobwino." Kuwaimbira foni ali pakati pa nyanja! ANambewe okha ananditumizira jekete yachisanu kudzera mwa munthu, popanda kalata.

Ndinapirira zaka zina ziwiri, ndikutembenuza okalamba anga. Kenako ntchito zinayamba kuvuta, mapepala ndinalibe, ndipo ndinatopa kudya ndekha. Ndinanyamula zipangizo zanga zaukalipentala m'masutikesi awiri n'kukwera ndege.

Ku Mchesi nkhani inali itafika kale, itamera nthenga. Ena ankati ndinaboola boti chifukwa cha nsanje, ena ankati ndinkafuna mkazi wa dokotala. Achibale anatsegula masutikesi, ataona mapulena ndi matchizulo m'malo mwa mafoni ndi nsapato, anayang'anana ngati ndabwera ndi matenda. Shedi ya achimwene inali itakula, ndi ndalama zanga zomwe, mabokosi atandandalika mpaka mumsewu.

Ndinakhala nawo pansi a Dyson n'kuwafotokozera zonse mmene zinayendera. Ndinkayembekeza kuti iwo okha, amene anandigwiritsa sandipepala koyamba, amva chimene chinandichitikira pakhoma lija. Anamvetsera akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Nditamaliza anapukusa mutu, akundimvera chisoni chenicheni.

"Mphwanga, Amereka yakupusitsa. Ntchito unaigwira bwino, mwini wake anakondwa, vuto linali pati? A Kandulu aja kwawo ndi pa Ntcheu pompa. Akanamira, abale awo akanabwera pano. Anthu olemera ngakhale thupi lisapezeke amaika bokosi, ndipo satenga lotchipa. Awiri, mwamuna ndi mkazi! Iwe unataya kasitomala kawiri."

Sankaseka. Anaitana mkazi wawo kuti adzamve kupusa kwanga, ndipo iyenso anagwira pakamwa.

Ndinapita kukachita lendi kashedi kanga ku Kawale, kumene ndimapanga zitseko ndi mafelemu a mawindo. Thabwa lililonse ndimaligogoda kaye, lofumbwa ndimaliponya pamoto. Zitseko zanga n'zodula ndipo siziwala kwambiri, choncho anthu amazigwiragwira, kufunsa mtengo, n'kupita kukagula kwa achimwene, amene masiku ano ayambanso kupanga mabedi.