Mayina Amene a Bennet Anapala

Aliyense wa kwathu amene wakhalitsa ku Braunstone, kuno kwa azungu, amawadziwa a Bennet, bambo wamtali wa ku Ntcheu uja amayenda chowerama ngati wataya singano. Masiku ano mukakumana pa siteji ya basi, moni wawo ndi wa mutu basi. Koma kale sanali choncho. Kale ukalakwitsa n'kuwafunsa nthawi, unkachedwa kuntchito.

Ntchito yawo ndi yonyamula makatoni kuweyahausi ku Corby, koma mtima wawo unali pa mawotchi a m'thumba, akalekale aja okhala ndi tcheni ndi chivundikiro, ofuna kuwainda ndi zala. Lamlungu anzawo akusita malaya a kutchalitchi, iwo amakhala atalawirira kale ku kaunjika wa azungu, kuja anthu amayala katundu kumbuyo kwa galimoto pabwalo lamatope. Kaya wotchi ikuyenda, kaya inafa kalekale, zimenezo analibe nazo ntchito kwenikweni. Ankatsegula chivundikiro n'kusuzumira mkati. Mukakhala mopanda kanthu ankaibweza kwa mwini wake. Mukakhala dzina lozokotedwa, imeneyo inkagona ku Braunstone.

Kabati yagalasi ya pabalaza inadzaza. Munali ya Albert Tansley, imene anapatsidwa ndi fakitale ya masokosi atakalambira pa makina. Munali ya Harold Wragg wa kunjanji, yomusonkhera anzake. Munalinso kena kakang'ono ka Cyril, pamene mayi wake analembetsapo kuti Mulungu amubweze kunyumba ali moyo. Anthu amenewa a Bennet sanawaonepo, koma ankawatchula ngati amalume awo. "A Tansley lero atsalira," ankatero ali serious yense ngati sing'anga, wotchi ili kukhutu. Alendo ankaseka, ena n'kumanong'onezana kuti kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mutu.

Ochepa okha ankadziwa gwero lake. Bambo awo, a Kondwelani, anapita kumigodi ku Joni a Bennet ali wakhanda, ndipo sanabwerere. Kunangobwera uthenga ndi bulangete. Munthu wina wochokera komweko anati manda awo anawaona, koma panalibe dzina, panali nambala. Chimenechi chinawakhala a Bennet pakhosi moyo wawo wonse. Akaona dzina la munthu lili pamulu umodzi ndi masupuni adzimbiri, zidzukulu zikuligulitsa osaliwerenga n'komwe, ankamva chisoni chenicheni, ndipo sankatha kulisiya pamvula.

Akazi awo, a Virginia, ankasamalira okalamba kunyumba ina ku Oadby. Anali mayi wofatsa, ndipo mawotchiwo ankangowapukuta fumbi osadandaula. Chowawawa chinali china. Kutchalitchi anzawo onse anali amake uje, amake uje. Iwo okha anali a Virginia. Anali atapita padera kawiri. Choncho atakhalanso ndi pakati, miyezi n'kumapita, mimba n'kuyamba kuoneka, m'nyumbamo munalowa chimwemwe chamantha, chija munthu amasekera m'manja. A Bennet anali atasankha kale dzina, la bambo awo, koma sanauze munthu. Khanda losabadwa salitchula.

Ndiye kunabwera amake Mutinta, mayi wa ku Zambia wotsogolera mapemphero a amayi. Sanali munthu woipa ayi. Ndi yemwe ankagona pampando kuchipatala pamene a Virginia anapita padera kachiwiri. Tsiku limenelo anabwera kudzapempherera mimbayo, koma ali mkati mwa pemphero anasiya, n'kutchera khutu. Pabalaza ponse pankamveka kugunda kwa mawotchi.

"Ba Bennet," anatero m'chilankhulo chake cha ku Zambia, "aba bantu mubaziba? Muziba chamene chinabapaya? Nyumba yazula na mitima ya bantu bakufa, igunda chabe. Manje kamtima ka mwana kazagunda bwanji?"

A Bennet anaseka. Anayamba kufotokoza za sipuling'i ndi timagudumu, kuti muli chitsulo chokhachokha, mulibe mzimu. Koma atacheuka anaona akazi awo atagwira pamimba ndi manja onse awiri, maso ali pa kabati, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Anasiya kuwainda. Mawotchi anaima imodziimodzi mpaka m'nyumba munangoti zii. Anaganiza kuti nkhani yatha, koma a Virginia sankagona, sankadutsanso pabalaza. Tsiku lina pochokera kusikani anaima pakhomo, jekete lisanavulidwe.

"Abambo, sikani ili bhobho, akuti mwana akukula. Koma ine mtima sukukhazikika. Mayina aja akanali m'nyumba muno."

"Ndikawasunge kwa anzanga, amayi?"

"Adzakhalabe anu. Amake Mutinta akuti dzina ndi limene limaitana mwini wake." Kenako anati, "Sindinakupempheniko kanthu chibwerereni kuno. Ndapota nanu."

Kodi mwamuna angayankhe chiyani pamenepo? A Bennet sankakhulupirira ngakhale pang'ono kuti Tansley wa masokosi angadzuke kudzalimbana ndi mwana wa ku Ntcheu. Koma ankadziwa kuti zikadzavutanso, iwo atakana, mkazi wawo sadzawayang'ananso kumaso. Kutaya mawotchiwo kunawakanika. Anasankha njira imene ankaiona ngati yapakati: anagula tupa ndi sandipepala, kuti mawotchi atsale, mayina apite.

Anagwira ntchitoyo kuseri kwa nyumba, atakhala pa ndowa yovundikira, Loweruka lina kukuwaza kamvula. Anayamba ndi Wragg. Amisiri akale ankazokota mozama, ndiye panafunika kupala ndithu, ndipo a Virginia anali atanena kuti pasatsale ngakhale kachilembo. Fumbi lasiliva linkagwera pa nsapato. Dzina lililonse ankayamba aliwerenga mokweza, n'kupepesa. Pa ka Cyril anachedwa kwambiri, chifukwa mawu a mayi uja anali ambiri. Pomaliza zala zinali zitatupa, ndipo anadziona ngati munthu wofafaniza manda ndi khasu.

A Virginia anagona tulo tabwino kuyambira tsiku limenelo. Anayambanso kuimba kukhitchini. A Bennet akamva nyimboyo ankadziuza kuti asinthanitsa bwino, akufa apereka malo kwa wamoyo.

Koma tsoka silinunkha. Patatsala pang'ono kuti masiku akwane, mwana anasiya kugunda m'mimba. Madokotala anayesetsa, anayeza zonse, ndipo pamapeto anangoti nthawi zina zimachitika popanda chifukwa chooneka. Anali wamwamuna. Mzamba anamukulunga bwinobwino, n'kufunsa mwaulemu ngati makolo anali ndi dzina.

A Bennet anatsegula pakamwa, koma a Virginia anawagwira dzanja. A Virginia anali atalankhula kale ndi mayi awo pafoni, ndipo mawu a kumudzi anali omveka: ameneyo ndi mtayo. Mtayo sapatsidwa dzina, salira maliro, ndipo mwamuna sapita kokaika. Mukaphwanya mwambo, simudzaonanso wina. Mkazi amene wataya katatu ungamuuze kuti zimenezo n'zachikale? A Bennet anatseka pakamwa. Tsiku loika, amake Mutinta ndi amayi ena awiri ndi amene anapita. A Bennet anatsala pabalaza, moyang'anana ndi kabati.

M'nyumbamo simunakhalenso chokangana. Chinalipo n'choti aloze chala? Mawotchi anali ataima, mayina atapita, mwambo utasungidwa. A Virginia anawonjezera mashifiti, ndipo akabwera ankangolowa kuchipinda. Awiriwo ankapatsana moni mwaulemu ngati anthu ogona nyumba imodzi ya lendi.

Patapita miyezi, a Bennet anakulunga mawotchi angapo m'kansalu n'kukwera basi ya m'tauni. Anapita kwa a Nisar, mmwenye wachikulire wobadwira ku Limbe, amene ali ndi kashopu kodula makiyi ndi kuzokota mayina pa zikho za mpira. Ankadziwana kalekale, chifukwa mawotchi ovuta ankakonzetsa komweko.

"Achimwene, mwasowatu," anatero a Nisar. "A Tansley ali bwanji?"

A Bennet anayala mawotchiwo pa kauntala. "Ndikufuna mundilembere dzina mkati mwa imodzi. Iliyonse. Kunyumba sakadziwa, ndizikayenda nayo m'thumba."

"Dzina lanji?"

"Kondwelani." Aka kanali koyamba kulitchula mokweza chibadwire mwanayo. "Mwana wanga."

A Nisar anawayang'ana, ndipo sanafunse zambiri. Anavala magalasi, n'kutsegula wotchi yoyamba. Anadina chivundikiro ndi chala chachikulu, ndipo chinabonyoka ngati chitini cha sobo. Anatsegula yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza, iliyonse akuiunika pa getsi.

"Wapala ndani izi?"

"Ine."

"Mwapala kwambiri, achimwene. Chitsulo chatha, chatsala ngati pepala. Ndikangoikapo singano yanga, iboola." Anavula magalasi. "Ndikhoza kukulemberani pa kachitsulo katsopano, tija timakhoma pa zitseko."

A Bennet anayang'ana timapuleti tonyezimira topachikidwa kukhoma, pambali pa tina tovala agalu m'khosi, n'kupukusa mutu. Anathokoza, anakulunga katundu wawo.

M'basi yobwerera anamasula kansalu kaja pamiyendo. Ankafuna angopeza ya a Tansley, aigwire m'manja. Anatsegula iyi, anatsegula iyo, anabwerezanso. Kwa zaka zonsezo ankayang'ana mkati mokha, kunja sankakusamala, ndipo mkatimo tsopano munali mofanana monse, mosalala, moonetsa nkhope yawo yokha. Sanathe kudziwa kuti ya Tansley ndi iti, ya Wragg ndi iti.

Mpaka lero kabati ija ilipo pabalaza, ndipo a Virginia amaipukutabe fumbi. Lamlungu a Bennet sapita kukaunjika, sapitanso kutchalitchi. Anthu obwera kumene akawafunsa ngati ali ndi ana, amayamba ayang'ana akazi awo, kenako n'kuyankha kuti ayi.