Pulogalamu Imene Sindinaone Chiyambi Chake

Mwana wanga wamkazi anafika zaka zitatu ndi theka asanatchulepo mawu omveka. Akafuna madzi ankangondikoka chitenje n'kuloza chigubu. Kukiliniki anamuyeza makutu, anali bwinobwino. Nesi atandifunsa zimene mwanayo amachita ine ndikakhala pamakina osokera, ndinachita manyazi. Ankakhala pa TV. Bambo ake anali atagula kabokosi kolumikiza TV ku intaneti, ndipo makatuni ake anali othamanga, aphokoso, ena asanathe ena ayamba kale.

"Muzikamba naye," anatero nesiyo. "Ngati ni TV, mupezeni yamene imufunsa vinthu."

Pulogalamu yotero ndinkaidziwa. Ndili mwana ku Matero, pamzere wathu wonse TV inali m'nyumba imodzi, ya mayi wina wogulitsa salaula, zovala zakaunjika. Tikaweruka kusukulu, pa TV imeneyo pankabwera bambo wodekha ndi zidole zake, woyankhula Chinyanja chosathamanga. Ankanyamula malalanje, kufunsa kuti ndi angati, kenako n'kukhala chete kutidikira. Kuwerenga ndinaphunzira kwa iyeyo.

Vuto linali dzina. Mayi aja sankalola mwana kuponda simenti yawo yofiira asanasambe mapazi pampopi, ndipo ankatiyendera mmodzimmodzi pakhomo, mpaka pakati pa zala. Pomalowa, nyimbo yoyambira inali itatha kale. Zaka zonsezo chiyambi sindinachionepo. Ife tinkangoti "ya vidoli".

Ndinalemba zomwezo m'kabokosi muja. Zimene kanandibweretsera ndinazizimitsa msangamsanga. Ndinayesa m'Chingerezi, bambo, zidole, malalanje, kanandipatsa kapangidwe ka juwisi. Rimoti yake ili ndi batani loyankhulirapo, ndiye tsiku lina ndinaiimbira nyimbo yotsekera, munthu wamkulu chiimire pakati pa nyumba, tepi yoyezera ili m'khosi. Kanati sikanamve. Magetsi n'kuthima. Bambo a mwana anaseka mpaka kutsokomola.

"Siyani chabe, azakamba pa nthawi yake," anatero.

Ndinapsa mtima. Nthawi yake iti? Ine chinthu ndikachiyamba sindichisiya. Diresi likapotoka ndimalimasula ulusi wonse n'kuyambiranso.

Loweruka ndinakwera minibasi ziwiri, kuchoka kwathu ku Chawama mpaka ku Matero. Mayi aja ndinawapeza ali pakhonde, atakalamba, koma anandizindikira. Titapatsana moni ndinafunsa.

"Amai, ija pulogalamu ya vidoli, zina yake inali chani?"

"Mwana wanga, ningaziwe bwanji? Ine nenze pa chitseko kuona mendo yanu."

Ataona kuti ndakhumudwa, anakumbuka kuti malemu amuna awo ankajambula mapulogalamu pamatepi a vidiyo. Tinakoka katoni pansi pa bedi. Matepiwo anali atachita nkhungu, osagwiranso ntchito, koma pamsana pa imodzi panali dzina lolembedwa ndi bolopeni. Ndinalikopera padzanja, ndipo m'basi monse dzanjalo sindinagwirire chitsulo.

Nditalemba dzinalo m'kabokosi muja, ndinaipeza. Zigawo zochepa chabe, zimene munthu wina wachifundo anaziika pa intaneti, zithunzi zake zachimbuuzi. Bambo uja anatulukira, wamng'ono kusiyana ndi mmene ndinkamukumbukira. Ananyamula makapu, anafunsa, anakhala chete. Mwana wanga nayenso chete. Kenako anatola rimoti n'kundiika m'manja kuti ndimubwezere zake zothamanga zija. Sabata yathunthu zinali choncho, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Tsiku lina ndikupinda siketi ya kasitomala, ndinazindikira chimene ndinaiwala. Ife bamboyo sitinkamuyankha aliyense payekha. Tinkakhala chigulu, titathinana pansi, kuyankha mopikisana, ndipo wamng'ono ankatola mawu pakamwa pa wamkulu. Ine wanga ndinali nditamukhazika yekhayekha pampando ngati mlendo.

Mawa lake ndinakankhira makina kukhoma n'kuitana ana onse a anzathu ochita lendi pamalopo. Nyumba inadzaza, kutentha, fungo la thukuta ndi mafiriziti, tizakumwa toundana tija. Bambo uja akafunsa, denga linkachita kunjenjemera. Mwana wanga sankayang'ana TV, ankayang'ana milomo ya anzake. Tsiku loyamba palibe chimene ananena, lachiwiri chimodzimodzi. Makasitomala ndinkawayezera panja, ena n'kumadandaula, koma ndinati olo adandaule, ana sachoka.

Sabata yachiwiri ili mkati, bamboyo ananyamulanso makapu. Ana onse anayankha n'kukhala chete. Pamenepo m'pamene panamveka kamawu kochedwa, kosasa, kochokera pafupi ndi mwendo wa tebulo.

"Tatu."

Makapuwo anali anayi. Mtsikana wina wamkulupo anatsegula pakamwa kuti amukonze, ndinamuponyera diso, anatseka. Ndinasiya sizasi, ndinakhala pansi pakati pa anawo.

"Kambanso, mami," ndinatero.

Anandiyang'ana, ndipo ananenanso.